Zolakwa za galamala zomwezo zikubwerabe pokonzekera IELTS: gwero lake ndi kakonzedwe kake

Vutoli lili ndi zizindikiro zake. Munthu wamaliza buku lonse la galamala, mafunso odzaza mipata amakhoza 18 pa 20, malamulo a nthawi za aneni angathe kuwalakatula ngakhale mutamudzutsa pakati pa usiku. Koma mum'patse mutu wa chimangirizo ndi mphindi 40, pepala limabwerako litafiira ndi inki ya wochonga, ndipo zolakwa zake ndi zomwe zija za mwezi watha: "the" wasowa, "s" wagwa kumapeto kwa mneni, "he" waima pamalo pa "she". Zotsatira za IELTS, mayeso oyeza luso la Chingerezi, zikatuluka, gawo lolemba lili pa band 6.0 (band ndi mlingo wa malikisi pa mayesowa). Akabwereza mayeso, 6.0 yomweyo. Kwa namwino amene akufuna kulembetsa ku NMC, bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba ku Britain, komwe amafuna 7 pa kumvetsera, kuwerenga ndi kuyankhula, ndi 6.5 pa kulemba, theka la band limeneli ndilo limatseka njira.

Gwero lake si ulesi kapena kuchepa kwa mabuku. Kusankha yankho lolondola pakati pa mayankho anayi ndi luso lina, kuumba chiganizo chanuchanu uku mutu uli pa mfundo, wotchi ikuthamanga, ndi luso linanso. Funso lodzaza mpata limakulozeranitu pamene pali msampha. Polemba nokha palibe wokulozerani, ndiye dzanja limangotsata njira imene linazolowera kuyambira ku ubwana, njira ya Chichewa. N'chifukwa chake zolakwa za ife olankhula Chichewa zimafanana kwambiri, kaya munthuyo ali ku Dedza, ku Chipata kapena ku Johannesburg, ndipo buku la galamala lolembedwera dziko lonse lapansi silingazidziwe.

Kumene galamala imadyera malikisi

IELTS ilibe pepala la galamala lapadera. Galamala imachongedwa mkati mwa zimene mwalemba ndi zimene mwayankhula. Pa gawo lolemba, lomwe limatenga mphindi 60, pali ntchito ziwiri: Task 1 ya mawu osachepera 150 ndi Task 2, chimangirizo cha mawu osachepera 250, ndipo Task 2 imalemera kawiri kuposa inzakeyo. Wochonga amayang'ana zinthu zinayi zolemera mofanana: ngati mwayankha funso, ngati mfundo zikulumikizana, kuchuluka ndi kuyenera kwa mawu, kenako galamala. Pa gawo loyankhula, la mphindi 11 mpaka 14, galamala ndi chimodzinso mwa zinayi.

Pa galamalapo amayeza ziwiri: kusiyanasiyana kwa mitundu ya ziganizo, ndi kulondola kwake. Wa band 6 amasakaniza ziganizo zazifupi ndi zanthambi, amalakwitsa koma tanthauzo limamvekabe. Wa band 7 amakhala ndi ziganizo zambiri zopanda cholakwa chilichonse. Mawu akuti "chilichonse" ndiwo ofunika apa. Chiganizo chokongola cha mawu 25 chimene chasowa "the" mmodzi sichilinso m'gulu la zoyera.

Pa kumvetsera ndi kuwerenga, komwe kuli mafunso 40 gawo lililonse, galamala imaluma mwakachetechete. Yankho likakhala "books" inu n'kulemba "book", malikisi apita. Funso likati mawu asapitirire awiri inu n'kulemba atatu chifukwa mwawonjezera "a", apitanso.

Pimani kaye musanagule buku lina

Tengani funso limodzi la Task 2, mwa mafunso achitsanzo amene British Council ndi IDP, mabungwe oyendetsa mayesowa, amaika pa intaneti kwaulere. Tcherani wotchi mphindi 40, mulembe mawu 250 mpaka 280 popanda mtanthauziramawu, popanda foni. Ngati mukulemba pa kompyuta, zimitsani chokonza masipelo, poti m'chipinda cha mayeso kulibe. Chitani chimodzimodzi katatu m'sabata imodzi, pa mitu yosiyana. Chimangirizo chimodzi sichikwanira, cholakwa chongochitika mwangozi chimaoneka ngati chizolowezi.

Wochonga wanu, kaya ndi mphunzitsi wa Chingerezi kapena mnzanu amene anakhoza bwino, asakukonzereni. Angodula mzere kunsi kwa cholakwa n'kuika chilembo m'mbali: A pa vuto la "a" ndi "the", S pa kugwirizana kwa mwininkhani ndi mneni kapena kuchulukitsa dzina, T pa nthawi ya mneni, P pa mperekezi, M pa mlowam'malo, C pa chiganizo chosweka kapena chopanda mpumiro. Akakulemberani yankho lolondola pamwamba, mudzangogwedeza mutu n'kuiwala.

Kenako werengani zinthu ziwiri. Choyamba, chilembo chilichonse chatuluka kangati m'zimangirizo zitatuzo. Chachiwiri, mwa ziganizo zonse, ndi zingati zimene zilibe mzere ngakhale umodzi. Chimangirizo cha mawu 260 chimakhala ndi ziganizo pafupifupi 15. Ngati zoyera ndi 3 kapena 4, muli kutali ndi band 7. Pokonzekera, dziikireni mlingo woti zoyera zifike theka kapena kupitirira. Kawirikawiri mudzapeza kuti zilembo ziwiri zokha ndizo zadzaza m'mbali mwa pepala. Ntchito yanu ili pa ziwirizo, osati pa mitu yonse ya m'buku.

Taonani ziganizo ziwiri izi, za mtundu umene umapezeka kawirikawiri:

"Although government has built many schools, but the number of teachers are still low. My aunt she is a teacher since 2012 and he says pupils lacks equipments."

Mawu 28, zolakwa 8. Tsopano zinenereni m'Chichewa: Ngakhale boma lamanga sukulu zambiri, koma chiwerengero cha aphunzitsi n'chochepabe. Azakhali anga ndi mphunzitsi kuyambira 2012 ndipo akuti ana akusowa zipangizo. Chichewa chake n'choyera bwinobwino, palibe pochidzudzula. Zambiri mwa zolakwa 8 zija ndi Chichewa chabwino chovala malaya a Chingerezi. Chokonzedwa chake ndi ichi: "Although the government has built many schools, the number of teachers is still low. My aunt has been a teacher since 2012, and she says pupils lack equipment."

A, an ndi the

Apa ndi pamene ambiri amakhetsera malikisi, chifukwa Chichewa chilibe timawu timeneti, ndipo m'ndime imodzi ya Chingerezi timafunika kakhumi kapena kuposa. Kuloweza malamulo makumi awiri sikuthandiza pamene nthawi ikutha. Chimene chimagwira ntchito ndi kufunsa dzina lililonse mafunso atatu motsatana.

Kodi chinthuchi chimawerengeka? Ngati chimawerengeka ndipo ndi chimodzi, sichingayende chokha. Patsogolo pake payenera kukhala kanthu: "a", "the", "my", "this", "every". Palibe "She is nurse", palibe "in rural area". Lamulo limodzi lokhali limachotsa gawo lalikulu la zilembo A.

Kodi wowerenga akudziwa kale kuti ndi chiti? Apa Chichewa chimathandiza. Yesani kuika "uja", "ija" kapena "-yo" pa dzinalo. Ndinaona nyumba, nyumbayo inali yofolera ndi udzu: koyamba "a house", kachiwiri "the house". Pamene "ina yake" akukwanira, ndi pa "a". Pamene "-yo" kapena "ija" akukwanira, ndi pa "the". Onjezani zinthu zimene zilipo chimodzi chokha m'nkhaniyo, monga "the government", "the environment", "the internet", ndi mawu otsogozana ndi "of": "the number of", "the cost of living".

Kodi mukunena za chinthucho mwachisawawa, chonse monga chilili? Musaike kanthu. "Education is expensive", "Children need sleep". Amene angophunzira kumene kuopa kusiya "the" amayamba kumumwaza paliponse, n'kumalemba "The education is important in the life". Uko ndi kuthawa dzenje n'kugwera m'chitsime.

Mayina osawerengeka ali ndi msampha wawo. Ife timati malangizo, zipangizo, mipando, zonse zochulukitsa, ndiye dzanja limalemba "advices", "equipments", "furnitures". Lembani pa chikuto cha kope lanu mawu awa: advice, equipment, furniture, information, knowledge, evidence, research, luggage, accommodation, traffic. Salandira "s", salandira "a", mneni wawo ndi wa chimodzi. Mukafuna kuwerenga muzinena "a piece of advice" kapena "some information". Za "a" ndi "an" n'zachidule: khutu ndilo limaweruza, osati chilembo. "An hour", "a university", "an MSCE certificate". Pa mayina a malo: Malawi, Lake Malawi, koma "the Shire River", "the United Kingdom".

Poyeserera, koperani ndime ya mawu 120 yolembedwa bwino, ya m'nyuzi yodalirika kapena ya pepala lachitsanzo lowerenga, koma muzisiya "a", "an" ndi "the" onse, osasiya mpata woonetsa pamene anali. Isungeni masiku awiri. Tsiku lachitatu bwezeretsani timawuto, mufananize ndi ndime yeniyeni. Kusasiya mipata ndiko kumapangitsa ntchitoyi kukhala yosiyana ndi ya m'buku: mukuphunzitsa diso kuona pamene pakusowa kanthu popanda wolilozera.

Ka "s" kakumapeto

Chichewa chimanyamula zonse kutsogolo kwa mawu. Mwana, ana. Buku, mabuku. Mtengo wagwa, mitengo yagwa. Diso lathu linaphunzira kuyang'ana kumayambiriro, pamene Chingerezi chimabisa uthenga womwewo kumchira. Komanso maphatikizo athu amathera pa lembo la liwu, ndiye mapeto ngati a "asks", "costs" kapena "worked" timawameza poyankhula, ndipo chimene pakamwa pameza, dzanja limachisiyanso.

Choncho kukonza kwake kumayambira pakamwa. Werengani mokweza mphindi 5 tsiku lililonse, mukukokomeza "s" ndi "ed" aliyense mpaka mudzimve ngati mukuchita nthabwala. Jambulani pa foni, mumvetsere. Kenako polemba, pa chiganizo chilichonse ikani chala pa mneni n'kufunsa kuti wachita ndani. Vuto limakula pamene pakati pa mwininkhani ndi mneni palowa mawu ena. Mu "The number of teachers is low", mwininkhani ndi "number", osati "teachers". Chichewa pano chili kumbali yanu, poti nafenso timati chiwerengero cha aphunzitsi chakwera, osati akwera. Ena ovuta: "One of the reasons is", ndi "s" pa "reasons" koma mneni wa chimodzi, "everyone has", "people are", "a number of students have".

Palinso kubwereza mwininkhani. Mu "mchimwene wanga amagwira ntchito", mneni amanyamula mgwirizanitsi wake "a-". Pomutengera ku Chingerezi timabala "My brother he works". Chotsani "he". Ulemu nawo umalowerera: amayi abwera, abambo akudwala, ndiye pakamwa pamatuluka "my mother they". Chingerezi sichichulukitsa munthu pomulemekeza.

Nthawi za aneni

Zolakwa zinayi ndizo zimabwerezeka, ndipo chilichonse chili ndi muzu wake.

Timati ndabwera dzulo, ndamuona m'mawa, ndipo palibe amatidzudzula. Chingerezi sichilola "have" kukhala pamodzi ndi nthawi yotchulidwa imene inatha kale. Pakangooneka "yesterday", "last year", "in 2015", "two days ago", mneni akhale wa nthawi yakale wamba: "I came yesterday". Kumbali inayo, timati ndikukhala ku Zomba kuyambira 2015, mneni ali mu nthawi yatsopano. Chingerezi chikaona "since" kapena "for" pa chinthu chimene chikupitirirabe chimafuna "have": "I have lived in Zomba since 2015". Ndiye pamene timaika "have" mpamene safunika, pamene timamusiya mpamene akufunika.

Chachitatu ndi "-ku-". Ndikudziwa, ndikufuna, ndikukhulupirira, zonse zili ndi "-ku-" amene nthawi zambiri amafanana ndi "-ing". Koma aneni a zamumtima ndi a umwini, monga know, want, believe, understand, own, belong, kawirikawiri salandira "-ing". Palibe "I am knowing", ndipo "I am having two children" ndi Chingerezi chimene chimamveka kwambiri m'misewu mwathu koma wochonga amachidula mzere. Kusiyana kwa "-ma-" ndi "-ku-" pa aneni ena onse ndi mphatso: ndimagwira ntchito ndi "I work", ndikugwira ntchito ndi "I am working".

Chachinayi ndi "-ka-". Mukafika mundiimbire, boma likamanga misewu malonda adzakula. Nkhaniyo ndi yam'tsogolo, ndiye dzanja limalemba "when you will arrive". Pambuyo pa when, if, before, after, until, as soon as, "will" salowa. Amalowa mu nthambi inayo: "If the government builds roads, trade will grow". Za "-kana-" kapena "-kada-" zili ndi chimango chake: ndikanakhala ndi ndalama ndikanapita, "If I had money, I would go" pa zalero, "If I had had money, I would have gone" pa zakale.

Pa Task 1 ya mtundu wa IELTS wotchedwa Academic, pamene mumafotokoza chithunzi monga tchati cha manambala, musanalembe liwu limodzi yang'anani zaka zimene zili pa chithunzi. Zonse zakale, nthawi yakale wamba kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Zikalowa m'tsogolo, "is expected to" kapena "is projected to". Popanda chaka, nthawi yatsopano. Ambiri amayamba bwino ndi "rose", n'kufika ndime yachitatu ali pa "rises" osadziwa. Samalaninso ndi "rise" amene satenga pamtherankhani ndi "raise" amene amatenga, komanso "by" ndi "to": chinthu chikachoka pa 20 kufika pa 35, "rose to 35" kapena "rose by 15". Kusinthanitsa awiriwa kumasintha nambala imene mukunena, ndiye mumalakwa kawiri.

He ndi she

"Iye" alibe mwamuna kapena mkazi. Aliyense amadziwa lamulo lake, koma pa gawo lachiwiri la mayeso oyankhula, pamene mumapatsidwa mphindi imodzi yokonzekera n'kuyankhula mpaka mphindi ziwiri, mutu ukakhala wofotokoza munthu, agogo aakazi amasanduka "he" pofika chiganizo chachinayi. Buku silingachize izi. Sankhani anthu asanu aakazi okhaokha, mufotokoze aliyense mphindi ziwiri mukujambula, sabata yonse. Sabata yachiwiri aamuna. Yachitatu nkhani za anthu awiri, mwamuna ndi mkazi, m'nkhani imodzi. Pa mayeso penipeni, m'mphindi yokonzekera ija lembani SHE kapena HE wamkulu pamwamba pa pepala. Mukadzimva mwalakwa, konzani kamodzi msanga n'kupitiriza. Kuima n'kupepesa kumawononga kuposa cholakwacho.

Ziganizo zanthambi zimene zimasweka

Pofuna band 7 anthu amauzidwa kuti alembe ziganizo zazitali, ndiye amalumikiza zinayi ndi mipatuliro yokhayokha. Chiganizo cha mawu 50 chokhala ndi "and" katatu si chanthambi, ndi chingwe chabe. Mpatuliro sungalumikize ziganizo ziwiri zoima pazokha. Pamafunika mpumiro kapena mlumikizi weniweni monga and, but, because, although, while. Mawu ngati "however" ndi "therefore" si alumikizi otere. Patsogolo pawo pakhale mpumiro, pambuyo mpatuliro.

Awiri otsatirawa ndi ochokera kwathu ndithu. Ngakhale mvula inagwa, koma chimanga sichinabereke: m'Chichewa "ngakhale" ndi "koma" amayendera limodzi, m'Chingerezi musankhepo mmodzi, "although" kapena "but". Winayo ndi wobisika kwambiri. Timati buku limene ndinaligula, mwana amene ndinamuona, ndi kachizindikiro ka "-li-" ndi "-mu-" m'kati mwa mneni. Ndi kameneka kamabala "the book which I bought it". Mawu akuti "which" anyamula kale bukulo, "it" ndi katundu wowonjezera. Ndi mtundu womwewo wa cholakwa mu "the village where I grew up there".

Njira yabwino ndi kusankha zimango zisanu zokha n'kuzidziwa mpaka zizituluka zokha: cha "although", cha "if", cha "which" kapena "who", cha "because", ndi cha mneni wochitidwa monga "is grown", "was built". Chimango chimodzi pa tsiku, ziganizo 10 za moyo wanu weniweni, ntchito yanu, mudzi wanu. Zimango zisanu zolondola zimaposa khumi ndi ziwiri zopunduka. Ziganizo zoloweza pamtima zimene zimagulitsidwa ngati mankhwala a chimangirizo chilichonse zisiyeni; ochonga amazizindikira, ndipo chiganizo chosalala choloweza chikaima pafupi ndi chanu chokhala ndi zolakwa zitatu, kusiyanako kumakuwa.

Aperekezi

Pa, mu ndi ku ndi atatu, a Chingerezi ndi ambirimbiri, ndipo malamulo ake ndi ochepa. Musawaphunzire paokha. Lembani mawu onse pamodzi ngati liwu limodzi: depend on, interested in, responsible for, married to, an increase in, a reason for. Palinso aneni amene safuna mperekezi konse. "Kukambirana za" ndiko kumabala "discuss about". Ena a gulu lomweli ndi emphasise, comprise, ndi request akakhala mneni. Pa nthawi: "at" pa ola, "on" pa tsiku, "in" pa mwezi ndi chaka. Ndipo poti "kubwereka" kwathu kumagwira mbali zonse ziwiri, kumbukirani kuti wolandira ndiye "borrow", wopereka ndiye "lend". "Borrow me" kulibe.

Kayendetsedwe ka kuyeserera

Mphindi 45 pa tsiku, masiku 6 pa sabata, zimapindula kuposa maola 5 Lamlungu lokha. Mphindi 10 zoyamba ndi za kope la zolakwa. Kopeli ligawidwe magawo atatu: chiganizo chanu cholakwika monga munachilembera, chokonzedwa, ndi chifukwa chake m'mawu anu, ngakhale m'Chichewa. Phimbani gawo lapakati, mukonze nokha. Cholakwa chilichonse chibwerezedwe mawa lake, pakatha masiku 3, pakatha sabata, kenako pakatha mwezi. Mphindi 20 zotsatira ndi zoumba ziganizo zanu pa vuto limene mukulimbana nalo. Mphindi 15 zomaliza ndi zoyankhula: jambulani mphindi ziwiri, mulembe liwu ndi liwu zimene mwanena popanda kukongoletsa, muzichonge ngati chimangirizo. Kudzimvetsera kumachititsa manyazi poyamba, koma palibe galasi lina loposa limeneli.

Kamodzi pa sabata chitani kumasulira kobwerera. Tengani ndime ya Chingerezi chabwino ya mawu 100, muimasulire m'Chichewa, mubise yoyambayo masiku awiri, kenako mubwezere m'Chingerezi kuchokera ku Chichewa chanucho. Pofananiza, musalabadire pamene mwangosankha liwu lina lofanana. Yang'anani pamene "the" wasowa, pamene nthawi yasintha. Ntchitoyi imaika poyera malo enieni amene ziyankhulo ziwirizi zimagundana m'mutu mwanu.

Chimangirizo chathunthu cha mphindi 40 chilembedwe kawiri pa sabata, ndipo chikachongedwa chilembedwenso chonse. Kulemba zimangirizo 30 zatsopano popanda kubwereza ngakhale chimodzi ndi kulimbitsa zolakwa zomwezo maulendo 30. Khalani pa mavuto awiri kwa masabata awiri kapena atatu, muwerengenso zilembo, ndipo musamuke pokhapokha chiwerengero chatsika ndi theka.

Zikakanikabe

Ngati mukalemba mosathamanga zolakwa zimachepa koma wotchi ikangotcheredwa zimabwerera, vuto ndi lakuti mukuganiza mfundo ndi galamala nthawi imodzi. Gawani mphindi 40 motere: 5 zokonza mfundo pa pepala, 30 zolemba, 5 zowerenganso. Mfundo zikakhala kale pansi, mutu umapeza mpata woyang'anira ziganizo. Kulemba mawu 400 n'kosathandiza, kumangodya mphindi zowerenganso ndi kuchulukitsa malo olakwira.

Ngati mumawerenganso koma simuona kanthu, n'chifukwa chakuti mukuwerenga nkhani, ndipo ubongo ukudzaza wokha zimene zikusowa. Yambani ndi chiganizo chomaliza kubwerera m'mwamba, kuti tanthauzo lisakunyamuleni. Pitani kawiri, ulendo uliwonse mukusaka chinthu chimodzi: woyamba mayina okha, wachiwiri aneni okha.

Ngati mumakonza zolondola n'kuzilakwitsa, ndiye kuti lamulo lake simunalimvetse, mukungodalira khutu. Bwererani ku buku pa mutu umodzi wokhawo. Mpaka mutaumvetsa, musasinthe kanthu pokhapokha mungathe kunena chifukwa.

Ngati mumadalira mapulogalamu okonza galamala pa kompyuta kapena pa foni, agwiritseni ntchito pomaliza. Lembani nokha, muchonge nokha, kenako muone zimene pulogalamu yapeza zomwe inu munaphonya, muzilowetse m'kope. Kungodina kuti ikonze n'chimodzimodzi kutuma mnzanu kukachita masewera olimbitsa thupi m'malo mwanu. Komanso mapulogalamuwa nthawi zina amalakwa, makamaka pa "the", poti sadziwa chimene mumafuna kunena.

Ngati wochonga wanu nayenso amati "discuss about" ndi "equipments", sadzaziona pa pepala lanu. Izi zimachitika ngakhale kwa anthu ophunzira kwambiri, poti ndi Chingerezi chimene tonse timamva m'maofesi ndi m'misonkhano. Muyeseni mwaulemu ndi ziganizo ziwiri zija za azakhali aphunzitsi. Akapeza zosakwana 7 mwa 8, funani wachiwiri woti azithandizana naye.

Ngati ziganizo zoyera zafika theka koma band siikusuntha, ndiye kuti chotsekereza chili mwa zinthu zitatu zina zija zimene wochonga amayang'ana. Kawirikawiri ndi funso la mbali ziwiri limene mwayankha mbali imodzi, maganizo anu osaoneka bwino, kapena Task 1 yopanda chiganizo chofotokoza chithunzi chonse mwachidule. Galamala ndi gawo limodzi mwa anayi, singanyamule zonse.

Pa nkhani yolembetsanso mayeso, musathamange. Zotsatira za IELTS kawirikawiri zimalandiridwa kwa zaka 2, ndipo mtengo wa mayesowa si wamasewera kwa wolandira makwacha. Lembetsani pamene zimangirizo zitatu zotsatizana, zolembedwa ndi wotchi, pa mitu imene simunaionepo, zafika pa mlingo wanu. Ngati mwaperewera theka la band pa kulemba kokha pamene magawo ena atatu ali bwino, pali mwayi wopempha kuti pepala lichongedwenso pasanathe masabata 6 kuchokera tsiku la mayeso. Pali malipiro ake, amene amabwezedwa band ikakwera. Ndipo ngati mudzalembera pa kompyuta, masabata awiri omaliza muziyeserera pa kiyibodi, chifukwa potaipa mothamanga n'kosavuta kusiya "s" ndi "a".